Nambala ya M'kalasi ndi Khomo la Maphunziro Apamwamba

Tsiku lotsekera sukulu ndilo tsiku limene ana ndi makolo ao amaliyembekeza mtima uli m'mwamba. M'masukulu ambiri a kwa Kawaza, kwa Mbang'ombe, kwa Nyanje ndi kwa Pembamoyo mwambo wakale unali wakuti ana onse aime pabwalo m'mizere, ndipo mphunzitsi wa kalasi iri yonse awerenge maina mokweza, kuyambira woyamba kufikira wotsiriza. Wochulidwa poyamba anthu ankamuombera m'manja, amai ace nkuimba nthungululu. Wotsiriza ankangozolika, nafulumira kupita kwao anzace asanayambe kumseka. Pofika madzulo mudzi wonse unali utamva kuti mwana wa uje ndiye nambala wani, ndipo makolo ankagona ndi mtima wakuti njira ya mwana wao yopita ku sekondale, ngakhale ku yunivesite, yatseguka kale.

Koma zotsatira za mayeso a Boma zikaturuka, kawirikawiri cimwemwe cija cimasanduka madandaulo. Mwana amene anali woyamba caka ndi caka sapezeka pa mndandanda wa osankhidwa, kapena asankhidwira ku sukulu imene sanaifune. Pamenepo makolo amadza kwa mphunzitsi ndi funso lowawa, lakuti kodi nambala ija inali yonama? Ena amaganiza za ziphuphu, ena za ufiti, ndipo ena amangoti mphunzitsi anawanyenga. Mphunzitsi wofuna kuyankha moona ayenera kudziwa mbiri ya kasankhidwe ka ana m'dziko lino, pakuti mbiriyo iphunzitsa cinthu cimodzi momveka: nambala ya m'kalasi iyesa mwana ndi anzace a m'cipinda cimodzi, koma pakhomo la sukulu zapamwamba mwanayo ayesedwa ndi ana ena zikwi zambiri amene iye sanawaonepo.

Makwerero a Masiku a Misyoni

Sukulu zoyamba za kuno kum'mawa zinadza ndi mipingo. A Misyoni ya Dutch Reformed Church, ocokera ku Orange Free State, anamanga ku Magwero m'caka ca 1899, ku Madzimoyo mu 1903, ku Nyanje mu 1905 ndi ku Nsadzu mu 1908. Ansembe a White Fathers anakhazikika ku Kachebere, pa malire a Nyasaland, mu 1903, ndipo pambuyo pace anatsegula malo ena monga Minga ndi Chassa. A mpingo wa Anglican anali ku Msoro. Misyoni iri yonse inafalitsa timasukulu ta m'midzi, momwe mphunzitsi mmodzi ankaphunzitsa kuwerenga Mau a Mulungu, kulemba pa sileti ndi masamu ocepa. M'zaka zoyambazo munalibe mpikisano wa malo. Mphunzitsi ndiye ankayenda khomo ndi khomo kupempha makolo kuti amasule ana ao ku ubusa wa ng'ombe ndi mbuzi. Mwana wofuna kuphunzira sanakanizidwe.

Zinthu zinayamba kusintha Boma la ku London litatenga ulamuliro wa Northern Rhodesia kwa British South Africa Company mu 1924. Caka comweco gulu la Phelps-Stokes linayendera masukulu a dziko lino, ndipo mu 1925 G. C. Latham anaikidwa kukhala mkuru woyang'anira maphunziro a anthu akuda. Boma linayamba kuthandiza mipingo ndi ndalama, koma linafunanso kuti maphunziro akhale ndi dongosolo ndi mayeso ofanana. Pa nthawi yomweyo anthu anaona kuti ukalaliki wa pa Boma, uphunzitsi ndi nchito za m'cipatala zifuna setifiketi. Motero sukulu imene kale inkapempha ana inayamba kukana ena.

Pofika zaka za m'ma 1940 ndi 1950 makwerero anali otere. Mwana ankayamba Sub A ndi Sub B, napitirira ku Standard I ndi II, ndipo zaka zinai zimenezi ankaphunzira pafupi ndi kwao. Standard III ndi IV zinali m'masukulu ocepa okha, ndipo Standard V ndi VI zinali makamaka pa malo akuru a Misyoni, kumene ana ankagona komweko. Sitepe iri yonse inali yopapatiza kuposa ya pansi pace, cotero kuti masukulu ambiri a m'midzi ankalimbirana malo a m'kalasi imodzi ya pa Misyoni.

M'masiku amenewo nambala ya m'kalasi inali ndi mphamvu ndithu, cifukwa wosankha anali pafupi. Mzungu kapena mbusa woyang'anira masukulu ankayendera midzi, nadziwa aphunzitsi ace ndi maina, ndipo mau a mphunzitsi akuti uyu ndiye wanzeru koposa anzace ankamveka. Komabe ngakhale pamenepo nambala siinali yokha pa sikelo. Ankayang'ananso malikisi a mayeso, msinkhu wa mwana, makhalidwe ace, mpingo wa makolo ace, ndiponso ngati atate ace kapena atsibweni ace angathe kupeza masireni a fizi. Atsikana ambiri anzeru sanafike nkomwe pa sikelopo, popeza ankacotsedwa pa sukulu nthawi ya cinamwali ikakwana.

Munali ndi Mndandanda wa Dziko Lonse

Kufikira kumapeto kwa zaka za m'ma 1930 Boma linalibe sukulu ya sekondale ya anthu akuda. Mu 1939 maphunziro a sekondale anayamba pa Munali ku Lusaka, ndi anyamata owerengeka okha. Apa mpamene kasankhidwe kanasintha maziko ace. Sukulu inali imodzi, koma dziko linali lalikuru. Cotero mnyamata wa ku Nyanje kapena ku Madzimoyo, amene anazolowera kupambana anzace a pa Misyoni, anaikidwa pa mndandanda umodzi ndi anyamata a ku Lubwa, ku Mapanza, ku Kafue ndi ku Sefula, ndipo coyesera cinali mayeso a Standard VI, amene anali amodzi m'dziko lonse. Onse olimbirana malowo anali oyamba kwao. Pakati pa oyamba okhaokha, mau akuti "woyamba" sakanathanso kusiyanitsa munthu ndi mnzace.

Kenneth Kaunda anacokera ku Lubwa kulowa pa Munali mu 1941, nakhalapo kufikira 1943. Rupiah Banda, amene makolo ace anali a kuno kum'mawa ngakhale iye anabadwira ku Gwanda mu 1937, anadzera pa Munali pomwepo asanapite kukaphunzira ku Lund m'dziko la Sweden. Anthu ambiri amene analowa m'maudindo akuru a Boma pa nthawi ya ufulu anali a sukulu imodziyi, ndipo cimeneci cionetsa kukula kwa mphotho imene inali kuseri kwa khomo lopapatizalo. Atsikana anadikira kufikira 1946, pamene a mpingo wa Methodist anayamba sekondale pa Chipembi. Ansembe a Jesuit anatsegula Canisius College ku Chikuni mu 1949. M'zaka za m'ma 1950 khomo linasendera pafupi ndi kuno: a Dutch Reformed Church anayamba sekondale pa Katete, abale a Marist anagwira nchito pa Chassa pafupi ndi Sinda, ndipo ku Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, kunali sukulu ya Boma imene idziwika ndi dzina lakuti Chizongwe.

Osasankhidwa sanali mbuli ai. Ambiri a iwo analowa maphunziro a uphunzitsi, monga amene a Dutch ankapereka pa Madzimoyo. Ena anaphunzira nchito za cipatala, ndipo cipatala ca St Francis ku Katete, cimene cinayamba mu 1948, cinakhala khomo lina la otere. Ena anakhala makalaliki m'minda ya fodya ya Azungu kufupi ndi Fort Jameson, kapena anatsika ulendo wa ku migodi ndi ku Southern Rhodesia. Masukulu ambiri a m'midzi ya kuno anamangidwa ndi kusungidwa ndi amuna ndi akazi amene anali oyamba m'makalasi ao, koma anapeza kuti malo a pa Munali atha.

Pamwamba pa sekondale panali khomo lina locepa koposa. Dziko lino linalibe koleji yopereka digiri. Wofuna digiri ankayenera kupeza malo ndi cithandizo ca ndalama kuti apite ku Fort Hare ku South Africa, ku Makerere ku Uganda, kapena kutsidya kwa nyanja. Pa nthawi ya Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, kuyambira 1953 kufikira 1963, koleji inatsegulidwa ku Salisbury, niyamba kuphunzitsa mu 1957 mogwirizana ndi yunivesite ya London. Koma inkafuna ophunzira otsiriza Form VI, ndipo masukulu a anthu akuda okhala ndi Form VI anali owerengeka. Mapepala a mayeso a sekondale ankakonzedwa ndi kucongedwa pansi pa ulamuliro wa Cambridge ku England, kwa anthu amene sanadziwe kuti wolemba uyu anali woyamba kwao kapena wotsiriza. Zotsatira zace zinaoneka pa 24 October 1964: Zambia inalandira ufulu iri ndi nzika za digiri pafupifupi 100 zokha, ndipo otsiriza sekondale ndi setifiketi sanafike 1,500.

Mzere Wodulira

Boma latsopano linathamanga kukuza khomo. M'zaka zoyamba za ufulu linamanga masekondale m'maboma ambiri a kumidzi, ndipo pulaimale inakonzedwanso kukhala ya zaka 7, Giredi 1 kufikira Giredi 7. Gulu la Lockwood, limene linapereka lipoti lace mu 1963, linalangiza kuti yunivesite ya dziko lino idzalandire ophunzira a School Certificate, osadikira Form VI, cifukwa kudikira kukadasiya zipinda zopanda anthu. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966 ndi ophunzira 312. Koma ana a pulaimale anacuruka msanga kuposa malo a sekondale, ndipo mtengo wa kopa utagwa pakati pa zaka za m'ma 1970 ndalama zomangira zinacepa. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, mwa ana anai kapena asanu olemba mayeso a Giredi 7 mmodzi yekha ndiye ankapeza malo.

Kasankhidwe kace kanali kotere. Ana onse ankalemba mapepala amodzi, pamodzi ndi mapepala awiri apadera oyesa kaganizidwe. Malikisi a mwana ali yense ankaphatikizidwa, ndipo ana a cigawo conse ankandandalikidwa kuyambira wa malikisi ambiri kutsikira pansi. Akuru a maphunziro ankawerenga malo amene alipo, nadula mzere pamene malowo athera. Mzere umenewu ndiwo anthu amauchula cut-off point. Sunali muyeso wa kukhoza kapena kulephera, koma wa kucuruka kwa madesiki. Cifukwa cace unkasiyana caka ndi caka, cigawo ndi cigawo. Wa atsikana unkaikidwa pansi pang'ono kuposa wa anyamata, wa sukulu zogonera komweko unkakhala pamwamba kuposa wa sukulu zoyendera, ndipo masukulu monga Hillcrest ku Livingstone ndi David Kaunda ku Lusaka ankatenga a pamwamba penipeni ocokera m'zigawo zonse. M'dongosolo lonseli munalibe pepala limene linafunsa kuti mwanayu anali nambala yanji m'kalasi mwace.

Fanizo lithandiza pofotokozera makolo. Kukhale sukulu ya kumudzi kumene woyamba apeza malikisi 70 pa 100, ndi sukulu ina ya m'tauni kumene woyamba apeza 92 ndipo wa nambala 20 apeza 76. Mzere ukadulidwa pa 75, ana 20 a m'tauni alowa, ndipo woyamba wa kumudzi atsala. Palibe amene waba malo ace, ndipo mphunzitsi wace sanamnamize; nambala yace inali yoona, koma inali yoona m'cipinda cimodzi cokha. Mlimi wa nsawa aidziwa bwino nkhani imeneyi. Iye asankha thumba lokoma koposa onse a m'nkhokwe mwace, koma pa msika wogula sayerekeza thumbalo ndi anzace otsala kumudzi. Aliyerekeza ndi nsawa za alimi onse obwera tsikulo.

Komatu fanizoli liri ndi mbali yaciwiri, imene mphunzitsi wa kumudzi sayenera kuiiwala. Nsawa zocepa maso sizinena za mbeu yokha. Zinenanso za nthaka ndi mvula. Kuyambira 1966 Cingerezi cinakhala cinenero cophunzitsira kuyambira Giredi 1, ndipo cinakhala cotero zaka zambiri; mwana wa ku Kitwe kapena ku Lusaka ankacimva pa wailesi ndi m'masitolo, pamene mwana wa ku Vubwi ankacimva kwa mphunzitsi yekha. Mwana wa kumudzi ankayenda mtunda wautali, ankajomba mitsinje ikadzaza ndiponso pa nyengo yokolola, ndipo buku limodzi ankagawana ndi anzace ambiri. Malikisi 70 opezedwa m'mabvuto otere angathe kubisa nzeru zoposa za 76 opezedwa pansi pa nyali ya magetsi. Motero mndandanda wa dziko lonse, ngakhale uoneka wosakondera, uyesa sukulu ndi cuma ca makolo pamodzi ndi mwana. Nambala ya m'kalasi isunga coonadi cina cimene mndandandawo utaya, ndico cakuti mwanayu anacita ciani ndi zocepa zimene anapatsidwa.

Mzere wodulira unabala makhalidwe ace. Ana ambiri ankabwereza Giredi 7 kawiri kapena katatu kuti akwere pamwamba pa mzere, ndipo obwerezawo ankatsekereza ang'ono ao. Makolo okhala ndi acibale m'tauni ankatumiza ana kumeneko. Aphunzitsi ena anasiya kuphunzitsa zonse za m'silabasi nangoumiriza ana kuloweza mayankho a mapepala akale. Kuti acepetse kutayika kwa ana, akuru a maphunziro anaonjezera Giredi 8 ndi 9 pa masukulu ambiri a pulaimale kuyambira m'zaka za m'ma 1980. Koma kutero kunangosunthira mpanipani ku mayeso a Giredi 9.

Pa khomo la yunivesite muyeso unakhala mapointi. Lamulo lokhazikitsa bungwe la Examinations Council of Zambia linapangidwa mu 1983, ndipo mayeso amene kale ankayang'aniridwa ndi Cambridge anakhala a kuno. Pa setifiketi ya Giredi 12 phunziro liri lonse lipatsidwa nambala kuyambira 1, ndiyo yopambana, kufikira 9, ndiyo yolephera. Aphatikiza maphunziro 6 amene mwana wakhoza koposa, ndipo wa mapointi ocepa ndiye ali patsogolo, cotero kuti mapointi 6 ndiwo mutu wa zonse. Kukhoza maphunziro 5 ndi credit, Cingerezi ciri pomwepo, kupatsa mwana ufulu wopempha malo, koma sikumpatsa malowo. Maphunziro olimbiranidwa kwambiri atenga a mapointi ocepa okha. Panonso setifiketi siinena za nambala ya m'kalasi. Codabwitsa ncakuti nambalayo inkadikira mwana m'kati mwa yunivesite: kwa zaka zambiri ophunzira a sayansi pa Yunivesite ya Zambia ankaphunzira pamodzi caka coyamba, ndipo potha cakaco ankagawidwa ku udokotala, ku uinjiniya ndi ku maphunziro ena monga mwa malo ao pa mndandanda wa anzao. Oyamba a m'masukulu onse anayesedwanso wina ndi mnzace.

Zimene Maiko Ena Anayesa

Funso lakuti mwana ayesedwe ndi anzace apafupi kapena ndi dziko lonse silinabvute Zambia yokha. Kutsidya kwa malire, ku Malawi, Dr Hastings Kamuzu Banda anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama m'boma la Kasungu mu 1981, ndipo pa ciyambi pace sukuluyo inkatenga ana opambana ocokera m'boma liri lonse, kuti pasakhale dera losowa mwana pamenepo. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 Yunivesite ya Malawi inayambanso kugawa malo monga mwa maboma. Anthu a kumpoto, kumene masukulu a Misyoni ya Livingstonia anazika mizu kale, anadandaula kuti ana ao a malikisi ambiri atsala pamene a malikisi ocepa a kwina alowa. Khoti lalikuru linathetsa dongosololi mu 1993. Linabwezedwanso mu 2009 pa ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, ndipo linathetsedwanso mu 2020. Mbiri imeneyi ionetsa kuti muyeso uli wonse uli ndi wolira wace.

Kumene nambala ya m'kalasi inapatsidwa mphamvu ya lamulo ndiko ku Texas, m'dziko la United States. Mu 1996 khoti linaletsa yunivesite ya kumeneko kuyang'ana mtundu wa munthu posankha ophunzira, pa mlandu wochedwa Hopwood. Poopa kuti ana a anthu akuda, a olankhula Cisipanishi ndi a kumidzi adzasowa m'mayunivesite, aphungu a Texas anapanga lamulo mu 1997 lakuti mwana ali yense wotsiriza sekondale ali m'gulu la 10 apamwamba pa 100 a pa sukulu yace alandiridwe pa yunivesite ya Boma imene afuna. Pansi pa lamulo lotere woyamba wa sukulu yosauka alingana ndi woyamba wa sukulu yolemera. Masukulu ena a kumidzi ndi a m'makomboni osauka, amene kale sankatumiza ana ku yunivesite yaikuru ya ku Austin, anayamba kutumiza.

Koma nako kunaturuka zobvuta. Makolo a m'masukulu olimba anadandaula kuti mwana wao wa nambala yapakati adziwa zambiri kuposa woyamba wa kwina, koma atsala kunja. Mabanja ena anasamutsira ana ao ku masukulu ofooka kuti akakhale pamwamba mosabvuta. Ku Austin olowa mwa lamuloli anacuruka kufikira anatsala pang'ono kudzaza malo onse, cotero kuti mu 2009 lamulo linasinthidwa kuti otere asapitirire magawo 75 pa 100 a malo osungidwira ana a Texas, ndipo m'zaka zotsatira 10 uja anatsika kufikira 6 pa yunivesite imeneyo. M'madera ena a United States masekondale ambiri analeka ndithu kulemba nambala ya mwana pa lipoti, poona kuti ikucititsa ana kudana ndi kuthawa maphunziro obvuta.

Zambia inayenda njira ya pakati. Siinapatse nambala ya m'kalasi mphamvu ya lamulo, koma siinasiyenso mndandanda umodzi kulamula zonse. Kudula mzere cigawo ndi cigawo kunateteza mwana wa kum'mawa kuti asalimbane mwacindunji ndi wa ku migodi pa malo a sekondale ya kwao. Yunivesite ya Zambia inapatula magawo 30 pa 100 a malo kuti akhale a atsikana, ndipo otsalawo alimbiranidwe ndi onse. Mu 1997 atsikana otenga pakati analoledwa kubwerera ku sukulu atabereka; mu 2002 fizi ya Giredi 1 kufikira 7 inathetsedwa, ndipo mu 2022 maphunziro aulere anafika ku Giredi 12. Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012, ndipo maofesi a maphunziro anasendera pafupi ndi midzi. Kuyambira 2025 dongosolo latsopano linayamba kulowa pang'onopang'ono, la zaka 6 za pulaimale, ndipo dzina lakale lakuti Form linabwerera m'masekondale. Maina a masitepe asintha kangapo kuyambira masiku a Sub A, koma malinga ngati ofuna udokotala acuruka kuposa mipando ya m'cipinda cophunzirira udokotala, mzere udzadulidwa pena pace.

Cimene Mphunzitsi Angatolepo

Coyamba, mphunzitsi anene zoona kwa makolo nthawi isanathe. Pamene apereka lipoti, asachule nambala yokha, koma achulenso malikisi, nafotokoze ngati malikisiwo akadakwanira pa kasankhidwe ka zaka zapitazo. Kholo limene limva m'temu yoyamba kuti mwana wace ndi woyamba koma masamu ace akali pansi, lingathe kumcepetsera nchito za kudimba. Kholo limene limva zimenezi zotsatira zitaturuka lingathe kukwiya kokha.

Caciwiri, aphunzitsi a masukulu oyandikana agwirizane kulembetsa ana ao mayeso amodzi oyeserera ndi kusinthana mapepala pocongera. Mwana amene sanapambanidwepo amagona, ndipo nkwabwino kuti akomane ndi womposa akali kwao, pamene pali nthawi yokonza. Ambiri amene anasankhidwa ku masukulu ochuka anataya mtima m'temu yoyamba pomwe anadzipeza pa nambala 30, popeza panalibe amene anawauziratu kuti kumeneko onse ndi oyamba. Wocoka ayenera kutsazikidwa ndi cenjezo limeneli.

Cacitatu, nambala isakhale cikwapu. M'kalasi iri yonse wina ayenera kukhala wotsiriza, ngakhale onse atakhoza bwino. Cifukwa cace kucititsa manyazi wotsiriza pamaso pa mudzi ndiko kulanga mwana cifukwa ca masamu a mndandanda. Ndiponso mphunzitsi wothera mphamvu zace pa ana atatu apatsogolo awononga atatu omwewo, pakuti woyamba akwera monga momwe waciwiri ndi wa nambala 10 amkankhira. Njira yoona yokwezera nambala wani wa kumudzi pa mndandanda wa dziko ndiyo kukweza kalasi yonse, kuyambira m'makalasi apansi momwe mwana aphunzira kuwerenga; akuru anati m'mera mpoyamba.

Cotsiriza, mphunzitsi asanyoze nambala ya m'kalasi konse, pakuti iri ndi umboni umene osankha akutali sauona. Iye yekha ndiye adziwa kuti mtsikana uyu anakhala woyamba akutunga madzi m'mamawa ndi kulera ang'ono ace madzulo. Umboni wotere uyenera kulembedwa m'kalata zopita kwa a mpingo, kwa opereka cithandizo ca fizi ndi kwa akuru a maphunziro pa Boma, ndipo mwana wotsala pansi pa mzere asonyezedwe makomo ena, a uphunzitsi, unamwino, ulimi ndi nchito zamanja, kapena kulembanso mayeso. Kuyambira tsiku limene Munali inatsegulidwa, osankha akhala akuyang'ana mndandanda, ndipo imeneyo ndiyo nchito yao. Mwana mwini wace adziwika kwa mphunzitsi wa m'mudzi, ndipo makolo akadza ndi funso lao lowawa, ndiye ayenera kukhala nao pansi, nawafotokozere bwino lomwe kuti nambala inali yoona, kuti mzere unadulidwa pati ndi cifukwa ninji, ndi kuti mwanayo angadzere kuti tsopano.